Momwe mungawerengere kontrakiti ya MMA musanaisaine

Mu Meyi 2023, Themba Gorimbo wa ku Zimbabwe atapambana koyamba mu UFC, kampani ya ku America ya masewera a MMA (ndewu yophatikiza nkhonya, mateche ndi kulimbana), anaonetsa anthu kuti asanalowe m'khola la nkhonya mu akaunti yake ya kubanki munali madola 7 okha. Uyu ndi munthu amene anali atanyamulapo lamba wa EFC, kampani ya masewerawa ya ku South Africa, ndipo anali atasaina ndi UFC, kampani yaikulu kwambiri ya masewerawa padziko lonse. Ankagona pampando mu jimu ku Miami. Anyamata ndi atsikana athu amene akuchita masewera a MMA m'majimu a ku Johannesburg ndi Cape Town azidziwa zimenezi, chifukwa tsiku lina pepala lidzawapeza, lochokera ku makampani ngati EFC ndi PFL Africa kapena kwa pulomota (wokonza masewero a ndewu) wamng'ono. Nazi njira zoliwerengera.

1. Funsani mapepala onse awiri, ndipo musasaine tsiku lomwelo

Makampani akuluakulu amapereka mapepala a mitundu iwiri. Loyamba ndi mgwirizano waukulu umene umakumangirirani ku kampaniyo kwa ndewu zingapo kapena miyezi yakutiyakuti. Lachiwiri ndi kapepala ka ndewu imodzi, kotchula mdani wanu, tsiku, kulemera kwake ndi malipiro. Ambiri amangoyang'ana kachiwirika chifukwa m'pamene pali ndalama, koma zomangirira zonse zili mu loyambalo. Pemphani masiku angapo, mupite nalo kwa loya amene sadya nawo za pulomotayo. Wina akakuuzani kuti saina lero kapena mwayi upita, dziwani kuti pali chimene sakufuna kuti muchione.

2. Werengetsani ndalama imene idzafikedi m'thumba

Malipiro ambiri amagawidwa pawiri: ya kubwera kudzamenya, ndi ina yofanana nayo imene mumalandira pokhapokha mutapambana. Kwa zaka zingapo, obwera kumene mu UFC akhala akuyambira pa madola 10,000 kapena 12,000 ya kubwera, ndi inanso yomweyo akapambana. Powerengetsa, tengani ya kubwera yokhayo. Inayo siili m'manja mwanu, nthawi zina ili m'manja mwa majaji atatu.

Tiyerekeze kuti ya kubwera ndi madola 12,000, ndewu ili ku America, ndipo mwagonja. Mlendo wosakhala m'dzikomo kawirikawiri amadulidwiratu msonkho wa 30 peresenti, apo 3,600 yapita. Manejala amatenga pakati pa 10 ndi 20 peresenti. Tinene kuti wanu ndi wa 10, ndiye 1,200. Jimu ndi makochi nawonso 1,200. Mwatsala ndi 6,000, musanalipire chakudya cha miyezi iwiri yokonzekera, kupimitsa kuchipatala, ndi tikiti ya kochi wina amene kampani sinamulipirire. Ngati pachaka mumenya kawiri, mwaona nokha chimene mudzatumize kumudzi.

Funsaninso izi, ndipo mayankho ake alembedwe: mdani wanga akadwala kapena akathawa ine nditakwera kale sikelo, ndilandira zingati? Ndikapitirira kulemera kumene tinagwirizana, adula zingati? Nthawi zambiri amadula 20 kapena 30 peresenti n'kupatsa mdaniyo. Ndalama ilowa patatha masiku angati, mu ndalama ya dziko liti? Mabonasi a ndewu yosangalatsa kwambiri usiku umenewo ndi mphatso ya bwana, musawawerengere pa lendi.

3. Pezani khomo lotulukira

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse, chifukwa apa ndi pamene anthu amapwetekera kwambiri kuposa m'kholamo. Kontrakiti ikati ndewu zinayi, sizitanthauza kuti kampani yakulonjezani ndewu zinayi. M'migwirizano yambiri kampani ili ndi ufulu wokuchotsani mukangogonja kamodzi, pomwe inu mulibe ufulu wochoka ngakhale mutapambana zonse. Chingwecho chimamanga mbali imodzi.

Kenako fufuzani ndime zotalikitsa nthawi. Mukavulala, kontrakiti imatalika. Mukakana mdani amene akupatsani, imatalikanso, mwina ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mukati mwapuma masewerawa, nthawi imaima n'kumakudikirani. Palinso ndime imene pamapepala a Chingerezi imalembedwa kuti champion's clause: mukakhala ndi lamba pamene kontrakiti ikutha, imadziwonjezera yokha, mwachitsanzo ndi chaka china kapena ndewu zitatu. Ndiye kuti pamene mtengo wanu wakwera kwambiri, m'pamenenso simungathe kukagulitsa luso lanu kwina. Ndipo ngakhale itatha, ena amasunga ufulu wokambirana nanu okha kwa miyezi ingapo, kenaka ufulu wofananiza ndalama iliyonse imene kampani ina ikupatsani n'kukutengani. Kampani ina ikadziwa zimenezi, siitaya nthawi kukuitanani.

Nkhani ya Francis Ngannou wa ku Cameroon ikuonetsa kufunika kwa tsiku limodzi lolembedwa bwino. Mu Januwale 2022 anateteza lamba wake wa UFC wa anthu olemera thupi kwambiri kwa Ciryl Gane ali ndi bondo lovulala, malipiro olengezedwa ali madola 600,000. Kontrakiti yake inali ndi malire a zaka zisanu amene ndime zotalikitsa sizikanatha kuwadumpha. Anadikira, ndipo mu Januwale 2023 anachoka mu UFC ali ndi lamba. Mu Meyi chaka chomwecho anasaina ndi PFL mgwirizano womulola kumenyanso nkhonya wamba, ndipo mu Okutobala anamenyana ndi katswiri wa nkhonya wamba Tyson Fury ku Riyadh. Inu simuli Ngannou, koma chimene mungapemphe ndi chomwecho: tsiku lenileni limene kontrakiti idzathe zivute zitani, ndi lonjezo la ndewu zosachepera zingapo pachaka, ndi ndalama imene mudzapatsidwe akalephera kukupezerani ndewuzo.

4. Onani mwini wake wa dzina lanu ndi nkhope yanu

Ndime za zithunzi, makanema ndi magemu a pakompyuta zimakonda kunena kuti mpaka muyaya. Mu 2008 womenya wina, Jon Fitch, anachotsedwa mu UFC kwa kanthawi kochepa atakana kupereka ufulu wa moyo wonse wogwiritsa ntchito nkhope yake mu gemu. Pemphani kuti ufuluwo uthe pamodzi ndi kontrakiti, kapena patatha zaka zowerengeka.

Za masiponsa nazonso. Kuyambira 2015 omenya a UFC sangavale zizindikiro za masiponsa awo m'khola. Anayamba kuvala zovala za kampani ya Reebok, ndipo kuyambira 2021 akuvala za Venum. Makampani ang'onoang'ono ambiri amalolabe, ndipo kwa womenya wongoyamba kumene, golosale kapena galaja yolembedwa pakabudula ikhoza kulipira kuposa ndewuyo. Musangoganiza kuti n'zololedwa, zilembedwe.

5. Dziwani kuti pepalalo silikutchani wantchito

Pafupifupi makontrakiti onse a MMA amati womenya ndi munthu wodziimira payekha amene wangotenga ntchito, osati wolembedwa ntchito. Choncho palibe penshoni, palibe malipiro a pamwezi, ndipo mukadwala matenda wamba muzionera nokha. Chimandiwawa n'chakuti munthu yemweyo amauzidwa chovala, amaletsedwa kumenya kwina, ndipo ayenera kunena kumene ali nthawi zonse kuti oyeza mankhwala oletsedwa amupeze. Ku America lamulo loteteza ankhonya wamba la Muhammad Ali Boxing Reform Act la 2000 silikhudza MMA, ndipo omenya alibe bungwe la ogwira ntchito ngati la osewera basketball a ligi ya NBA, amene amagawana pafupifupi theka la ndalama zimene ligi imapeza. Womenya wina, Leslie Smith, anayesa kusonkhanitsa anzake mu 2018, koma sizinafike patali.

Chimene chinagwedeza zinthu ndi khoti. Mu Disembala 2014 omenya atatu, Cung Le, Nate Quarry ndi Jon Fitch, anasumira eni ake a UFC kuti amagwiritsa ntchito makontrakiti aatali kutseka msika n'kupondereza malipiro. Mapepala a mlanduwo anaonetsa kuti omenya ankalandira pafupifupi 20 peresenti ya ndalama zimene kampani inkapeza. Jaji Richard Boulware anakana mgwirizano woyamba wothetsa mlanduwo, wa madola 335 miliyoni, mu 2024, ndipo mu Febuluwale 2025 anavomereza wa madola 375 miliyoni, wopita kwa amene anamenya pakati pa 2010 ndi 2017. N'chifukwa chake muyang'ane ndime yonena za kumene mkangano udzaweruzidwe. Ngati ikukuletsani kupita kukhoti kapena kusuma pamodzi ndi anzanu, loya wanu akufotokozereni bwino chimene mukutaya.

Pa inshuwalansi funsani mafunso atatu: ikulipira kuvulala kwa pa tsiku la ndewu lokha kapena ndi kwa pokonzekera komwe? Malire ake ndi ndalama zingati? Mukabwerera kwanu opaleshoni isanachitike, ndani alipira? Mawondo ndi mapewa ambiri amawonongekera mu jimu, osati pamaso pa makamera.

6. Ndewu ikubwerayo, muivomere ndi mutu

Foni ikalira kuti pali ndewu milungu iwiri ikubwerayi, mtima umathamanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onerani makanema a ndewu zitatu zomaliza za mdaniyo pamodzi ndi kochi wanu. Kwerani sikelo lero lomwe, muone ngati makilogalamu otsalawo angachoke popanda kudziumitsa mpaka kukomoka. Onani ngati visa ingatuluke nthawi yake. Ngati mukulowa m'malo mwa wina amene wavulala, ndinu amene mukupulumutsa usiku wa pulomotayo, choncho ino ndi nthawi yopempha ndalama yowonjezera, kulemera kwapakati kogwirizana nonse awiri, kapena lonjezo lolembedwa kuti mukagonja sakuchotsani.

7. Manejala nayenso ali ndi kontrakiti yake

Iwerengeni ndi diso lomwelo. Atenga peresenti yake pa malipiro a ndewu okha, kapena ndi pa masiponsa amene mwadzipezera nokha? Mukasiyana naye, apitiriza kudya mpaka liti? Ngati manejalayo ndi yemwenso akukonza masewerowo, kapena amalandira kanthu kwa pulomota, pezani wina. Ndalama izilowa mu akaunti ya dzina lanu, inu muzimulipira iye.

Mukasaina, sainani tsamba lililonse, mutenge kope yokhala ndi siginecha ya mbali zonse ziwiri, muijambule pafoni n'kutumiza kwa m'bale wanu wodalirika. Kenaka lembani penapake tsiku lotha kontrakiti, ndipo nthawi iliyonse kampani ikakulemberani kuti yatalikitsa, muiyankhe polemba ndi kufunsa ndime imene yagwiritsa ntchito.