Twin Otter ikupangidwanso: kusankha ndi kukonzekeretsa ndegeyi kuti izinyamula odumpha ndi parachuti

Ndege ya DHC-6 Twin Otter inauluka koyamba ku Canada pa 20 Meyi 1965, ndipo pomwe kampani ya de Havilland Canada inkasiya kuipanga mu 1988 n'kuti itatulutsa ndege 844. Panadutsa zaka zoposa 20 popanda yatsopano. Kampani ya Viking Air ya ku British Columbia inagula ziphaso za kapangidwe kake ku Bombardier mu 2006, ndipo ndege yoyamba ya mtundu wa Series 400, yomwe nambala yake ndi 845, inauluka mu Febuluwale 2010. Mu 2023 De Havilland Canada, kampani yomwe Viking Air inalowamo, inalengeza mtundu winanso, Classic 300-G. Kwa amene amayendetsa malo odumphira ndi parachuti, phindu lalikulu la zimenezi ndi lakuti zipangizo zosinthira zili ndi mwini wake amene akuzipanga. Ambiri a iwo sagula ndege yatsopano chifukwa mtengo wake ndi mamiliyoni angapo a madola, koma yakale yomwe ali nayo tsopano ili ndi kodalira.

Chimene odumpha amaikondera n'chodziwika. Imanyamula anthu 22 kapena 23 ulendo umodzi, imanyamuka pabwalo lalifupi, matayala ake sapindika kulowa m'kati, ndipo khomo lake lakumanzere kumbuyo ndi lalikulu, pafupifupi mamita 1.4 m'lifupi ndi 1.3 kutalika, moti anthu angapo amatha kutuluka pamodzi atagwirana.

Posankha, werengani maulendo

Wogula ndege yonyamula anthu wamba amafunsa kaye maola amene yauluka. Pa ntchito yodumpha funso loyamba likhale la ma cycle, kutanthauza kuchuluka kwa maulendo amene yanyamuka ndi kutera. Ulendo wokwera kufika mafiti 13,500, omwe ndi mamita pafupifupi 4,100, n'kutsikanso umatenga mphindi 20 mpaka 25. Ndiye kuti pa ola limodzi ndege imanyamuka kawiri kapena katatu, nthawi zonse italemera, injini zikukoka mwamphamvu njira yonse yokwera. Mapiko a Twin Otter ali ndi malire awiri a moyo wake, wa maola ndi wa maulendo, ndipo womwe wayamba kukwana ndi umene umaimitsa ndege. Pa ntchito iyi umayamba kukwana ndi wa maulendo. Choncho tsegulani mabuku a ndegeyo, pezani maulendo amene atsala pa phiko lililonse palokha, popeza mapiko awiriwo mwina sanaikidwe tsiku limodzi, ndipo gawani chiwerengerocho ndi maulendo amene mukuyembekeza pachaka. Malo ochita maulendo 2,000 pachaka akagula ndege yotsala ndi maulendo 6,000 pamapiko, adziwiretu kuti pakatha zaka 3 adzafunika ndalama ya mapiko ena.

Injini nazo zimasiyana. Series 100 ndi 200 zinatuluka ndi PT6A-20 ndipo kulemera konse kwa ndegezi ponyamuka sikupitirira makilogalamu 5,252. Series 300 ili ndi PT6A-27 ndipo imafika makilogalamu 5,670. Series 400 ili ndi PT6A-34, injini yomwe ikhoza kutulutsa mphamvu ya mahatchi 750 koma pandegeyi anaiikira malire pa 620. Mphamvu yotsalayo imaonekera kukatentha ndiponso m'mwamba, pomwe mpweya wapepuka: injiniyo imapitiriza kupereka 620 yonse pamene yaing'ono yayamba kale kufooka. Tengani bwalo lokwera ngati la Kamuzu ku Lilongwe, mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Masana a mu Okutobala kukatentha madigiri 32, ndege imachita ngati ikunyamuka pamalo okwera mamita oposa 2,100. Pamalo otere PT6A-34 imafupikitsa nthawi yokwera pa ulendo uliwonse, ndipo n'chifukwa chake eni ndege zakale ambiri anachotsa PT6A-20 n'kuikamo injini zazikulupo.

Pa ma PT6A ambiri wopanga amati injini iphwasulidwe yonse ikakwana maola 3,600, ndipo mbali yake yotentha iunikidwe pa maola 1,800. Onani ngati mwini wakale ankatsatira zimenezi. Musanalipire, makaniko wanu, osati wa wogulitsa, alowetse kamera yaing'ono m'kati mwa injini kuti aone timasamba ta tabaini ngati tapsa m'mphepete kapena tayamba ming'alu. Ayang'anenso dzimbiri pansi pa thabwa lopondapo, molumikizira mapiko ndi mizati yake, ndi m'njira monse modutsa zingwe zachitsulo zowongolera. Zingwezi zimadyeka pamene zimakhuzana ndi timawilo, ndipo kudyekako sikuoneka ngati munthu sanazipinde ndi kuzisisita ndi kansalu kuti amve timawaya toduka. Pa 9 Ogasiti 2007 Twin Otter inagwera m'nyanja itangonyamuka pachilumba cha Moorea, anthu 20 n'kufa, chingwe chowongolera kukwera ndi kutsika chitaduka chifukwa chodyeka. Ndege yomwe yakhala kufupi ndi madzi amchere ifufuzidwe kawiri.

Kusintha m'kati

Mipando yonse ya apaulendo imachotsedwa n'kuikamo mabenchi awiri aatali otsatira khoma, kapena odumpha amakhala pansi motsatizana. Zitseko ziwiri zakumbuyo zimalowedwa m'malo ndi chitseko cha pulasitiki yolimba yoonekera chomwe chimakankhidwira m'mwamba m'tinjanji. Kunja pamwamba pa khomo pamaikidwa chitsulo chogwirira, ndipo chakumbuyo kwake kopondera wojambula. Pakhomo pakhale nyali ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, zoyatsidwa ndi woyendetsa. Chilichonse mwa izi chiikidwe motsatira chilolezo cha boma cha kusinthako, ndipo pepala lowonjezera la buku la ndege, lomwe limanena liwiro lololedwa chitseko chili chotsegula, likhale m'ndegemo.

Mukatha, yendetsani dzanja kuzungulira khomo lonse ndi m'mbali mwa mabenchi. Bawuti yotulukira kunja, m'mphepete mwakuthwa kapena kabowo kokodwa chala zikhoza kukoka chogwirira cha parachuti ya munthu. Parachuti ikatseguka munthu ali pakhomo, mphepo imamukokera kumchira, ndipo mchira ukawonongeka ndege yonse yapita. Zonse zotere zisalazidwe kapena zikutidwe.

Munthu aliyense akhale ndi lamba wakewake womangirira pansi kapena pabenchi, wamfupi, wodutsa m'zingwe za parachuti yake. Lamba wautali womangidwa malo amodzi amalola munthu kuuluka m'kati ndege ikagunda, n'kukapsinja anzake kutsogolo.

Kenako ndegeyo iyezedwe pa sikelo, chifukwa kulemera kolembedwa m'buku lakale sikugwiranso ntchito. Tiyerekeze kuti Series 300 yanu yapezeka makilogalamu 3,100 yopanda kanthu. Odumpha 22, aliyense makilogalamu 95 ndi zida zake, ndi 2,090. Woyendetsa ndi parachuti yake 90. Zonse pamodzi 5,280, ndiye mafuta asapitirire makilogalamu 390, omwe ndi malita pafupifupi 490 a Jet A-1 popeza lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 0.8. Tsiku limene kwabwera anthu onenepa kapena odumpha awiriawiri pa parachuti imodzi ambiri, omwe zida zawo n'zolemera, chepetsani anthu. Mafuta osungira pangozi asakhudzidwe.

Mafuta

Matanki a Twin Otter ali pansi pa thabwa lopondapo, lakutsogolo ndi lakumbuyo. Mwachizolowezi lakutsogolo limadyetsa injini yakumanja, lakumbuyo yakumanzere. Chifukwa ndege yodumphira imathiridwa mafuta pang'onopang'ono kangapo patsiku, mipata yolowetsa madzi ndi zinyalala imachuluka. M'mawa uliwonse khetsani mafuta m'botolo loonekera kuchokera pa kampopi kalikonse ka pansi, komanso pa thanki yosungira ndi galimoto yothirira. Madzi amakhala pansi pa botolo ngati timadontho, koma Jet A-1 imatha kusunga madzi osaoneka ndi maso, choncho gwiritsaninso ntchito timankhwala toyezera madzi. Mukalandira mafuta atsopano m'thanki yosungira, asiyeni akhazikike musanathire. Pa 22 Epulo 1992 ku Perris, California, Twin Otter yonyamula odumpha inagwa itangonyamuka ndipo anthu 16 anafa. Mafuta anali oipitsidwa, injini yakumanja inafooka, ndipo woyendetsa anaimitsa pulopela ya injini yomwe inali bwino.

Ngozi imeneyo ikuphunzitsanso za woyendetsa. Injini imodzi ikafa ponyamuka, ndege imakhotera mbali ya yakufayo. Poiwongola, phazi lomwe silikuponda chopondera chowongolera mchira ndilo lili mbali ya injini yakufa. Atsimikize pobweza pang'ono chogwirira mphamvu cha injiniyo, ndipo pokhapo aike pulopela yake pa feather, kuti masamba ake aloze kumphepo asakokere ndege m'mbuyo. Chipangizo chomwe chimachita zimenezi pachokha chiyesedwe tsiku lililonse ndipo chikhale choyatsa ponyamuka. Koposa zonse liwiro lisatsike. Ku Sullivan, Missouri, pa 29 Julaye 2006, timasamba ta tabaini ya injini yakumanja tinathyoka, liwiro linatsika, ndege inagwa ndipo anthu 6 anafa. Ofufuza a NTSB, bungwe la ku United States lofufuza ngozi za mayendedwe, anapezanso kuti malamba sanawagwire bwino odumphawo. Zoyeserera za injini imodzi zichitike kawirikawiri, ndi mphunzitsi, m'mwamba mokwanira.

Poliza injini, batire yofooka ndiyo imapsereza mbali yotentha. Injini ikazungulira mochedwa mpweya woziziritsa umachepa, ndipo mafuta akalowa kutentha kumakwera msangamsanga. Gwiritsani ntchito magetsi a pansi a mavoliti 28, musatsegule mafuta Ng, liwiro lomwe m'kati mwa injini mukuzungulira, isanadutse 12 peresenti ndi kukhazikika, ndipo dzanja likhale pachogwirira mafuta, maso pa ITT, geji yoonetsa kutentha kwa m'kati mwa injini. Ikamathamangira kumalire, tsekani mafuta n'kusiya sitata izungulirebe kuti ichotse kutenthako. Pachifukwa chomwechi malo ambiri sazimitsa injini pakati pa maulendo. Akatero, pakhale munthu mmodzi wotsogolera okwera, onse adzere kumbuyo kwa phiko lakumanzere, ndipo wina aliyense asapite kutsogolo kwa mzati wa phiko.

Pokwera ndi potuluka

Odzatuluka pomaliza ndiwo amayamba kukwera n'kukhala kutsogolo. Malamba amangidwe ndege isanayambe kuyenda ndipo amasulidwe pa msinkhu womwe malowo anagwirizana, nthawi zambiri mafiti 1,000 mpaka 1,500. Malamulo a ku United States amati woyendetsa apume okosijeni akakhala pamwamba pa mafiti 12,500 kupitirira mphindi 30, nthawi zonse akadutsa 14,000, ndipo aliyense apatsidwe akadutsa 15,000. Mafitiwa amawerengedwa kuchokera kunyanja yamchere, choncho pabwalo lokwera mafiti 4,000, kudumpha pa 13,500 kuchokera pansi ndi 17,500 kale.

Nthawi yoopsa kwambiri m'mwamba ndi yotuluka. Woyendetsa amachepetsa liwiro kufika manoti 80 mpaka 90, omwe ndi makilomita pafupifupi 150 mpaka 170 pa ola, n'kubweza mphamvu ya injini yakumanzere kuti mphepo ya pulopela isamenye otuluka. Pa nthawi yomweyo anthu amasunthira kukhomo, ena n'kulendewera kunja. Kulemera kumapita kumbuyo, mphuno imadzuka, olendewerawo amawonjezera kukoka, ndipo phiko likhoza kusiya kunyamula, chomwe oyendetsa amati stall. Lembani mzere wofiira pansi ndi chikwangwani chonena anthu angati angadutse mzerewo nthawi imodzi, malinga ndi kuwerengera kwa ndege yanuyo. Otsala akhale kutsogolo mpaka gulu loyamba litachoka. Gulu lisachedwe pakhomo, ndipo woyendetsa akaona liwiro likutsika atsitse mphuno ndi kuwonjezera mphamvu, ngakhale zitatanthauza kuzimitsa nyali yobiriwira n'kuzunguliranso.

Mpata pakati pa magulu umawerengedwa ndi liwiro la ndege poyerekeza ndi nthaka, lomwe woyendetsa amaliona pa GPS n'kuuza a pakhomo. Magulu ang'onoang'ono amafuna mamita pafupifupi 300 pakati pawo. Pa manoti 80 ndege imayenda mamita 41 pasekondi, ndiye dikirani masekondi 7 kapena 8. Mphepo yakutsogolo ikatsitsa liwirolo kufika manoti 60, ndi mamita 31 pasekondi, masekondi 10. Magulu akuluakulu amabalalika kwambiri asanatsegule, choncho onjezerani.

Onse akatuluka, woyendetsa atsike kutali ndi mzere womwe odumphawo agwera, asadutse liwiro lololedwa chitseko chili chotsegula, ndipo asabweze zogwirira mphamvu kulowa mu beta, chigawo chogwiritsa ntchito ndege ili pansi, ali m'mwamba, zomwe buku la ndegeyi limaletsa. Akatera alembe ulendowo m'buku nthawi yomweyo, chifukwa ndi chiwerengero chimenechi chomwe makaniko adzagwiritse ntchito podziwa tsiku lochotsa mapiko ndi mawilo a tabaini.