Musanasaine ntchito ya thiraki, funsani za masiku amene galimoto yaima

Ntchito yanga yachiwiri ya udalaivala ndinaivomera chifukwa cha nambala imodzi yokha. Bwana wa kampaniyo anatchula ndalama ya pa kilomita, yoposa ya kumene ndinali, ine basi mtima dyokodyoko, n'kusaina. Mwezi woyamba womwewo ndinagona masiku atatu pa geti ya fakitale ina, kudikira kuti anditsitse katundu. Kugona m'kabini, kusamba ndi madzi a m'chigubu, kuyang'ana alonda akusinthana. Pa masiku atatuwo sindinapeze kanthu, poti matayala sanazungulire.

Ndiye anzanga, funso loyamba likhale ili: galimoto ikaima popanda vuto langa, akundilipira ndani? Tchulani zonse pamaso pawo, kudikira popakira, mzere wa pa boda, pa sikelo, ndi pamene makaniko walowa pansi pa galimoto. Makampani ena amayamba kuwerenga ndalama yodikirira pakadutsa maola awiri. Ena amakuyankhani kuti “tidzaona”, ndipo mawu amenewo tanthauzo lake ndi ayi.

Ngati malipiro ndi a pa kilomita, funsani kuti makilomitawo amawawerenga bwanji. Pali kuwerenga zimene mita ya galimoto yalemba, pali kuwerenga pa kompyuta njira yachidule imene thiraki yolemera singadutse n'komwe. Kenako funsani za ulendo wobwerera. Mwapita makilomita 900 mutanyamula, mwabwerera 900 opanda katundu. Akalipira olemedwa okha, ndalama ija yagawika pawiri, koma msana wanu wayenda 1,800 yense.

Malipiro a peresenti, pamene mumalandira gawo la ndalama imene mwini katundu walipira kampani, amakoma katundu akakhala wodula. Vuto n'lakuti peresenti ya ndalama imene simunaione ndi nthano chabe. Pemphani kuti muzionetsedwa pepala la zimene mwini katundu walipira, mudziwenso ngati gawo lanu amalichotsa asanachotse za dizilo kapena atachotsa kale. Malipiro a pamwezi alibe zambiri, ingofunsani za maola owonjezera ndi usiku wogona kunja.

Pamene ambiri timapwetekera ndi pa ndalama zimene amatidula pa malipiro. Kuli makampani amene amakupimirani malita a dizilo a ulendo, ndipo mukapitirira amadula pa malipiro anu, osasamala kuti njira inali ya zitunda, katundu anali wolemera, kapena injini ndi yotopa. Tayala likaphulika alipira ndani? Matumba akaperewera potsitsa pomwe chidindo sichinathyoledwe, mlandu ndi wa yani? Zimenezi zilembedwe m'kontirakiti, zapakamwa zimauluka. Onetsetsaninso mmene agawira malipiro enieni ndi alawansi. Alawansi yonenepa imasangalatsa lero, koma penshoni nthawi zambiri amawerengera pa malipiro enieniwo, ndipo alawansi yambiri imathera panjira pomwepo.

Ine masiku ano ndimachita chonchi. Ndimapita kumene madalaivala a kampaniyo amaimika, n'kupempha mmodzi andionetse mapepala ake a malipiro a miyezi itatu, umodzi ukhale wa nyengo imene katundu amachepa. Ndalama imene inalowadi m'thumba ndimaigawa ndi masiku amene sanagone kwawo. Yankholo ndi limene ndimayerekeza ndi la kampani ina. Kumene ndili pano ndalama ya pa kilomita ndi yotsika kuposa ya bwana uja, koma sabata yatha ndinadikira tsiku lathunthu popakira, ndipo tsikulo lalembedwa pa pepala langa.