Laputopu ikakana kuyaka, musathamangire kuifomata

Nthawi ya mayeso ikayandikira, benchi ya pakhomo pa kashopu kanga kuno ku Zomba sisowa wokhalapo. Ophunzira amabwera atakumbatira zikwama, nkhope zili zakugwa, ndipo pafupifupi onse amayamba ndi mawu amodzi: "Achimwene, ingoifomatani." Ndikafunsa kuti muli chiyani m'katimo, m'pamene munthu amakumbukira kuti ntchito yake ya chaka chonse ili momwemo ndipo sanaisunge kwina kulikonse.

Mwezi watha kunabwera mtsikana wina wa chaka chomaliza. Laputopu yake inkangozungulira timadontho, kenako n'kudzizimitsa, n'kuyambiranso. Msuweni wake "wodziwa za makompyuta" anali atayesa kale katatu kuikamo Windows yatsopano, zitakanika n'kumuuza kuti disiki yafa. Ndibwerera kwa iye pambuyo pake. Choyamba ndikuuzeni mmene ndimafufuzira, chifukwa zambiri mungathe kuzichita nokha kunyumba.

Mawu akuti "sikuyaka" amabisa matenda osiyanasiyana. Dinani batani loyatsira, muyang'ane ndi kumvetsera pamene ikuimira.

Ngati ili zii, popanda kagetsi ngakhale kamodzi kapena phokoso la fani, Windows ilibe mlandu. Yambani ndi chaja. Onani ngati kagetsi ka pafupi ndi polowetsa chaja kakuyaka. Machaja ambiri a HP ndi Dell ali ndi kachitsulo kakang'ono ngati singano pakati pa mutu wake, ndipo kakapindika kapena kuthyoka, batire limasiya kulandira moto. Bwerekani chaja cha mnzanu, koma muwerenge kaye manambala olembedwa pachajacho ndi pansi pa laputopu. Ngati yanu imafuna 19.5V, chobwerekacho chikhalenso cha 19.5V. Machaja aja a mitu khumi ogulitsidwa pamsika andibweretsera makasitomala ambiri, ndipo sindiwathokoza nawo. Chaja chikakhala bwino, chizuleni, chotsani batire ngati ndi lochotseka, kenako gwirani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30. Lowetsani chaja chokha, muyatse. Zimaoneka ngati zamasewera koma zadzutsa malaputopu ambiri pa tebulo langali.

Ngati magetsi ake akuyaka, fani ikulira, koma sikirini ili bii, tengani tochi ya foni muwalitse pafupi kwambiri ndi sikiriniyo. Mukaona zithunzi zozimiririka ngati mthunzi, kompyuta ili moyo, chafa ndi chowalitsa sikirini kapena chingwe chake chodutsa pa hinji. Ilumikizeni ku TV ndi chingwe cha HDMI mutsimikize. TV nayo ikapanda kuonetsa kanthu, ndimakayikira RAM, kathabwa kakang'ono komwe kompyuta imasungako zimene ikugwira panthawiyo. Zulani chaja ndi batire, tsegulani kumbuyo, tambasulani timapanitsi tiwiri ta m'mbali, RAM idzuka yokha. Pukutani mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo, mubwezeretse mpaka mumve kuti "tepu". Zikakhala ziwiri, yesani imodzi imodzi. Fumbi la mu Okutobala ndi mabampu a pa kabaza zimakwanira kuigwedeza. Ma HP ambiri amaphethiritsa kagetsi ka Caps Lock akapeza vuto lotere, ma Dell amaphethiritsa ka batire. Werengani kuti kakuphethira kangati, mukamuuze wokonza.

Gulu lalikulu ndi lija laputopu imaonetsa chizindikiro cha kampani yake kenako n'kulemba uthenga. HP imalemba kuti "Boot Device Not Found" ndi nambala 3F0. Zina zimati "No bootable device". Tanthauzo lake ndi limodzi: yafunafuna poyambira koma sinapapeze. Apa lowani mu BIOS, malo a zokonza za laputopu yeniyeniyo amene amatseguka Windows isanayambe. Mukangoyatsa, dinani batani mobwerezabwereza: F10 pa HP, F2 pa Dell, Acer ndi Asus, F1 pa ThinkPad. Ma Lenovo ena ali ndi kabowo m'mbali kotchedwa Novo komwe mumabaya ndi phini laputopu ili yozima.

Mukalowa, yang'anani tsiku ndi chaka. Malaputopu ambiri amene tili nawo kuno ndi a kaunjika, anagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja. M'kati mwake muli kabatire kozungulira ngati khobidi, nthawi zambiri CR2032, komwe kamasunga nthawi ndi zokonza za mu BIOS. Kakatha mphamvu, tsiku limabwerera m'mbuyo ndipo zokonza zija zimabwerera mmene zinachokera ku fakitale. Windows imene inaikidwa mwa njira yakale ya Legacy siyamba BIOS ikabwerera pa njira yatsopano ya UEFI. Mukangosintha kabatireko n'kubwezeretsa pa Legacy, zonse zimabwerera, mafayilo ali chikhalire. Ndaonapo anthu atagula disiki yatsopano chifukwa cha kabatire kotsika mtengo kuposa mbale ya chipisi.

Chachiwiri, onani ngati BIOS ikuitchula disiki. Ngati dzina lake silikuoneka, itsegule, muizule n'kuibwezeretsa. HP ndi Dell zili ndi choyezera chawo m'kati momwemo: pa HP dinani Esc kenako F2, pa Dell dinani F12 musankhe Diagnostics. Muyeso wa disiki ukalephera, kapena mukamva hadidisiki ikulira kuti "tiki, tiki, tiki", izimitseni pompo. Kuyatsa kulikonse kukuwonjezera chilonda, ndipo kuikamo Windows ndiye kumaliziratu. Disiki yotere imafuna kuchotsamo zomwe zingapulumuke, basi, n'kugula SSD, disiki ya makono yopanda zozungulira m'kati.

Tsono pali ija imayamba ndithu koma osafika: timadontho tozungulira osatha, sikirini yabuluu, kapena "Preparing Automatic Repair" tsiku lonse. Kuno kwathu chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi ichi: batire linafa kalekale, mwiniwake amangodalira chaja, ndiye magetsi anazima Windows ili m'kati modzikonza, uthenga uli pa sikirini woti musazimitse. Mankhwala ake ali m'kati momwemo. Yatsani, timadontho tikangoyamba gwirani batani mpaka izime. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu, ndipo idzakutengerani ku sikirini yabuluu yokhala ndi zosankha. Pitani pa Troubleshoot, kenako Advanced options. Yesani Startup Repair. Ikalephera, yesani Uninstall Updates, muchotse zomwe zinalowa komaliza. System Restore imathandizanso ngati inali yotsegula. Zitatu zonsezi sizikhudza zolemba ndi zithunzi zanu.

Zikakanika zonsezi, musanaganize zofufuta, pulumutsani katundu. Ine ndili ndi flashi imene sichoka m'thumba, yokhala ndi Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Laputopu imayakira pa flashiyo osakhudza disiki, n'kutsegula mafoda ngati mmene mumachitira masiku onse, n'kukopera ku disiki ina. Njira ina ndi kuzula disikiyo n'kuiika m'kabokosi ka USB, n'kuilumikiza ku kompyuta ya mnzanu. Chopinga chimodzi ndi BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano amakhoma disiki okha mwiniwake osadziwa, ndipo kuti mutsegule pamafunika kiyi ya manambala 48. Kiyiyo nthawi zambiri imakhala mu akaunti ya Microsoft imene munalowera tsiku loyamba. Mutha kuipeza pa foni. Popanda iyo, palibe wokonza aliyense, kaya wa ku Limbe kaya wa ku Johannesburg, amene angatsegule.

Mafayilo akapulumuka, tsopano tikambe zoika Windows, ndi chifukwa chake nayonso imakana.

Mavuto ambiri amayambira pa flashi. Ikhale ya 8GB kapena kuposa, ndipo yeniyeni. Pali maflashi olembedwa 64GB pachikuto pomwe m'kati muli malo ochepa zedi. Amalandira mafayilo mwaulemu koma n'kuwawononga mwakachetechete. Fayilo ya Windows imapitirira 5GB, ndiye bandulo yake iwerengereni, ndipo muitenge pa tsamba la Microsoft. Intaneti ikadukiza pakati, fayilo imatha kuoneka yathunthu pomwe ndi yolumala. Ija ya mnzanu "yokhala kale ndi mapulogalamu onse" isiyeni, simudziwa chimene anasakanizamo. Musangokoka fayiloyo n'kuiponya mu flashi. Gwiritsani ntchito Rufus kapena Media Creation Tool, mapulogalamu okonzera flashi yoikira Windows. Flashi yokonzedwa mwa njira ya FAT32 silandira fayilo imodzi yopitirira 4GB, ndipo m'kati mwa Windows muli imodzi yotere. Mapulogalamu awiriwa amadziwa kuzemba vutoli.

Mu Rufus muli malo osankha pakati pa GPT ndi MBR, njira ziwiri zogawira disiki, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera. GPT imayenda ndi UEFI, MBR imayenda ndi Legacy. Laputopu iliyonse imene inatuluka ndi Windows 8 kupita m'tsogolo, kuyambira 2012, sankhani GPT. Kuti iyakire pa flashi, dinani F9 pa HP, F12 pa Dell, Lenovo ndi Acer, Esc pa Asus. Pa Acer nthawi zambiri muyenera kuyamba mwatsegula F12 Boot Menu mu BIOS. Flashi ikapanda kuoneka pa mndandanda, isinthireni pa bowo lina la USB, ndipo ngati ndi ya MBR dziwani kuti chitetezo cha mu BIOS chotchedwa Secure Boot sichiilola.

Mukafika posankha disiki n'kuona uthenga woti Windows singaikidwe pano chifukwa disiki ndi ya GPT, kapena ndi ya MBR, ndiye kuti mmene mwayatsira ndi mmene disiki inagawidwira sizikugwirizana. Uthenga ukatchula GPT, zimitsani, muyatsenso posankha dzina la flashi lomwe lili ndi mawu akuti UEFI. Ukatchula MBR, dinani Shift ndi F10 pamodzi, patuluka zenera lakuda. Lembani diskpart, kenako list disk. Yang'anitsitsani kukula kwa disiki iliyonse kuti musasankhe flashi yanu yomwe. Lembani select disk ndi nambala yake, kenako clean, kenako convert gpt. Mawu akuti clean amasesa disiki yonse m'kuphethira kwa diso, kuphatikizapo gawo la D lija mumasungako zithunzi za ukwati, ndipo safunsa kawiri. Ine ndisanadine Enter ndimamuyang'ana kaye mwiniwake m'maso.

Kuika kukamaima pakati, lero pa 30 peresenti, mawa pa 70, n'kudandaula za mafayilo osowa, sinthani flashi ndi bowo. Zikapitirira ndi flashi ina, ndi RAM kapena disiki. Ndipo laputopu ikadzizimitsa n'kuyakanso yokha koyamba m'kati moika, zulani flashi, apo ayi ena amayambiranso pachiyambi mpaka kasanu akumati zikukanika. Magetsi akakhala okayikitsa ndipo batire ndi lakufa, dikirani tsiku lina kapena pitani kumene kuli sola.

Za mtundu wa Windows: Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Imagwirabe ntchito, koma zotseka mipata ya akuba pa intaneti sizibweranso mwa masiku onse. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4GB, malo a 64GB, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena inzake ya AMD. Makina akale amene sakwanira apa, ine ndimawaika Linux Mint ngati mwiniwake ntchito yake ndi kulemba ndi intaneti. Ena amakondwa nayo, ena amabwerera pakatha sabata kuti akufuna Word yawo. Za layisensi musade nkhawa: ngati laputopu inali ndi Windows yovomerezeka, imadzizindikira yokha ikalumikizidwa ku intaneti, bola muike mtundu womwewo, Home pa Home, Pro pa Pro. Sungani pa flashi yomweyo dalaivala wa Wi-Fi wa laputopu yanu, kapulogalamu komwe kamachititsa kuti Wi-Fi igwire, poti Windows 11 imaumirira intaneti isanamalize. Mukaiwala, lumikizani foni ndi chingwe cha USB muigawire intaneti.

Tsono mtsikana uja. Msuweni wake ankafika posankha disiki n'kupeza mndandanda uli mbee, ndi uthenga woti palibe disiki yapezeka. Anaganiza kuti yafa. Koma laputopuyo inali ya purosesa ya Intel ya m'badwo wa 11, ndipo makina ambiri oyambira m'badwo umenewu amabisa SSD kuseri kwa chinthu chotchedwa VMD. Flashi ya Windows siiona mpaka mutaipatsa dalaivala wa Intel Rapid Storage Technology podina Load driver, kapena mutazimitsa VMD mu BIOS. Chenjezo pa njira yachiwiriyi: mukazimitsa VMD, Windows imene ilimo kale siyambanso mpaka mutabwezeretsa, choncho muzitero pokhapokha mwatsimikiza zoika yatsopano.

Ndinamuuza kuti, "Asisi, kusadziwa kwa asuweni anu n'kumene kwakupulumutsani. Akanaiona disikiyi, bwenzi pano mulibe kanthu." BIOS inkaitchula SSD bwinobwino. Ndinazimitsa katatu mpaka sikirini yabuluu ija, inapempha kiyi ya BitLocker, iye anakumbukira pasiwedi ya imelo yake kachitatu, tinawerengerana manambala 48 kuchokera pa foni. Uninstall Updates inatenga pafupifupi theka la ola. Itayaka, chithunzi cha mayi ake chili pa sikirini, anaimirira n'kukhalanso pansi. Ndinamuletsa kuchoka mpaka atakopera ntchito yake pa flashi ndi kudzitumizira pa imelo.

Ndinakumana naye dzana ku msika, ndinamufunsa za batire lakufa la laputopu yake. Akuti agula bambo ake akagulitsa nandolo.