Kusintha psi ndi kgf/cm² kupita ku bar ndi kPa osalakwitsa

Makina akale ambiri geji yake ya presha imalankhula psi (mapaundi pa sikweya inchi), ena kgf/cm² (makilogalamu pa sikweya sentimita), pomwe mabuku ndi ma drawing atsopano amalemba kPa, MPa kapena bar. Ndiye mukafuna kugula valavu yatsopano ya makina akale muyenera kusintha manambalawo nokha, ndipo masamu ake ndi osavuta, chovuta chili pena chomwe ndifikepo kumapetoku.

Tiyambe ndi pascal, amene ndi muyeso wa presha mu SI (dongosolo la miyeso la dziko lonse) kuyambira 1971, dzina lake kuchokera kwa Blaise Pascal. Pascal imodzi (Pa) ndi newton imodzi (muyeso wa mphamvu yokankha) pa sikweya mita, kanthu kakang'ono kwambiri, nchifukwa chake pa ntchito timagwiritsa kPa (1,000 Pa) ndi MPa (1,000,000 Pa). Bar si ya SI kwenikweni koma mainjiniya amaikonda poti 1 bar ndi 100 kPa ndendende, ndipo ili pafupi ndi presha ya mpweya womwe watizungulirawu, 101.325 kPa.

Nambala yoti muiloweze pamtima ndi 6.895. Psi imodzi ndi 6.895 kPa. Kompresa yolembedwa 150 psi, chulukitsani ndi 6.895 mupeza 1,034 kPa, yomwe ndi 10.3 bar kapena 1.03 MPa. Ngati mukufuna bar mwachindunji ingogawani psi ndi 14.5. Ma hydraulic a 3,000 psi amakhala pafupifupi 207 bar, kapena 20.7 MPa. Mukaona ksi pa zitsulo musadabwe, ndi psi 1,000 chabe, ndiye 1 ksi ndi 6.895 MPa, ndipo MPa ndi chimodzimodzi N/mm² yomwe imalembedwa pa mphamvu ya zitsulo ndi konkire.

Kgf/cm² ndiye yomwe imanyenga anthu. Ambiri amangoti ndi bar yomweyo, ndipo pa tayala palibe amene angakudzudzuleni chifukwa kusiyana kwake ndi pafupifupi 2 peresenti, 1 kgf/cm² ndi 98.07 kPa kapena 0.981 bar. Koma pa 200 kgf/cm² mwatsala 196 bar, kusiyana kwa pafupifupi bar 4, ndipo pa satifiketi ya kuyeza thanki kapena boila zimenezo si zongonyalanyaza ayi. Mukaona "at" m'mabuku akale ndi kgf/cm² yomweyo, musaisokoneze ndi atm, presha ya mpweya ija, yomwe ndi 101.325 kPa.

Za mercury ndi madzi ndidutse mwachangu. 1 mmHg (milimita ya mercury) ndi 133.3 Pa, 760 mmHg ndiye atm imodzi, inchi ya mercury (inHg) ndi 3.386 kPa, inchi ya madzi pafupifupi 249 Pa. Pa mapampu, mita 10 za madzi zimapereka pafupifupi 98 kPa, koma izi ndi za madzi okha, pa mafuta kapena chinthu china cholemera mosiyana nambala isintha.

Tsopano apa ndipomwe pagona nkhani. Geji yambiri imayamba pa ziro pomwe kwenikweni pali kale mpweya ukukankha, ndiye yomwe mukuwerenga ndi presha yoonjezera pamwamba pa mpweyawo, imene amalemba psig kapena barg. Psia ndi bara, zomwe ndi presha ya absolute, zimayambira pa vacuum yeniyeni, pomwe palibe mpweya konse. Kuchulukitsa ndi 6.895 sikusintha chimenechi, 30 psig ndi 207 kPa ya geji, koma mukafuna absolute muonjezere 101.3 mupeze 308 kPa. Masamu a gasi monga lamulo la Boyle, ma tebulo a nthunzi ndi NPSH ya pampu (presha yofunika polowera madzi m'pampu) zonse zimafuna absolute, ndipo munthu akaika 207 mmalo mwa 308 kalikyuleta siidandaula, ingomupatsa yankho lolakwika bwinobwino. Choipa nchakuti mapepala akale nthawi zambiri amangolemba psi osanena g kapena a, ndiye muyenera kuona nokha kuti nambalayo inachokera pati, ngati ndi pa geji ya paipi ndiye kuti ndi ya geji. Komanso 101.3 ndi ya pa nyanja, kumapiri mpweya umachepa ndiye nambala yoonjezera imatsikanso.

Pa vacuum zimatembenuka, geji ikamati 25 inHg ndiye kuti mwachotsa pafupifupi 84.7 kPa, zomwe zatsala absolute ndi 16.7 kPa basi.

Pozungulitsa manambala ine ndimati presha yomwe chinthu chimaloledwa kupirira muzungulitsire pansi, 150 psi lembani 10.3 bar osati 11 kuti zioneke bwino. Musakokenso manambala asanu ndi limodzi kuchokera pa geji yomwe singano yake imanjenjemera. Ndipo polemba samalani chilembo, MPa ya M wamkulu ndi mega, mPa ya m wamng'ono ndi milli, kusiyana kwake ndi ka biliyoni, ndiye mukamatumiza oda pa foni yang'anani kuti kiyibodi sinakusinthireni.