Momwe mungapezere tauni ya makolo a banja la Chiyuda ku Lithuania

Ayuda ambiri a ku South Africa, ndi ena a ku Zimbabwe ndi Zambia, makolo awo anachokera ku Lithuania pakati pa 1880 ndi 1914, dzikolo likulamulidwa ndi Russia. Elie ndi Harry Susman, amene anayamba kugula ng'ombe ku Barotseland (kumadzulo kwa Zambia) mu 1901, kwawo kunali ku Rietavas. Koma pamapepala ambiri a nthawi imeneyo panangolembedwa kuti "Russia", ndipo zimenezo sizikufikitsani kulikonse. Chofunika ndi dzina la tauni.

Yambirani kumanda. Mwala wa pamanda a Chiyuda nthawi zambiri umakhala ndi dzina la Chiheberi la malemu pamodzi ndi la bambo ake, ndiye mwapeza mibadwo iwiri pamalo amodzi. Ujambuleni bwino, wodziwa Chiheberi akuwerengereni. Funsaninso agogo amene akadali moyo kuti ana anapatsidwa maina a ndani, chifukwa Ayuda a kumeneko amatcha mwana dzina la wachibale amene anamwalira kale.

Kenako sakani chikalata chopemphera unzika ku National Archives ya South Africa. Kawirikawiri malo obadwira amalembedwamo. Onaninso makaundula a Poor Jews' Temporary Shelter ku London a 1896 mpaka 1914, komwe ambiri ankagona podikira sitima ya ku Southampton yopita ku Cape Town.

Dzina la tauni likapezeka, musathamange. Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Tauni imodzi inkatchedwa mosiyana m'Chiyidishi (chinenero cha Ayuda a kumeneko), m'Chirasha ndi m'Chilithuania: Kovno ndi Kaunas, Vilna ndi Vilnius, Ponevezh ndi Panevėžys. Komanso munthu akati "Kovno" mwina amatanthauza chigawo chonse, osati mzindawo. Lembani dzinalo pa webusaiti yaulere ya JewishGen, yomwe imasaka potengera kamvekedwe ka dzina osati kalembedwe kokha, ndipo ikuonetsani maina onse a malowo.

Tsopano pitani pa intaneti ku All Lithuania Database ya LitvakSIG, gulu lofufuza mbiri ya mabanja a Ayuda a ku Lithuania. Muli makaundula amene boma la Russia linkalembamo mabanja pofuna msonkho, omaliza aakulu ndi a 1858. Banja lonse limaoneka pamodzi ndi zaka za aliyense. Zaka za anyamata musazikhulupirire kwambiri, pakuti makolo ankazisintha kapena kubisa mwanayo poopa usilikali. Masiku nawo akasiyana pang'ono musadabwe: kalendala ya Russia inkatsalira ndi masiku 12 m'zaka za m'ma 1800. Mukafika kumayambiriro kwa zaka zimenezo mfunda umatha kusowa, popeza lamulo lokakamiza Ayuda kukhala ndi mfunda linabwera mu 1804.

Achibale amene anatsala ku Lithuania, ambiri anaphedwa kuyambira mu 1941. Asakeni m'mapepala a umboni a Yad Vashem, malo okumbukirako Ayuda amene anaphedwa ndi a Nazi, ku Jerusalem, ndipo muyang'ane dzina la amene analemba pepalalo. Kawirikawiri amakhala wachibale amene anapulumuka, ndipo ana ake mungathe kuwapeza.