Zithunzi za ukwati zatuluka zakuda kapena zachimbuuzi? Yambirani apa

Mu holo ya madyerero a ukwati kuwala kumakhala kochepa, ndipo akwati sangavekanenso mphete kachiwiri chifukwa choti kamera yanu inaphonya. Choncho mukabwerako ku ukwati, musathamangire kufufuta zithunzi zoipa. Zomwezo ndi zimene zingakuuzeni pomwe panalakwika.

Choyamba, tsegulani zithunzizo pa kompyuta, muzikuze kufika pa 100%, n'kuyang'ana diso la mkwatibwi. Kagalasi ka kumbuyo kwa kamera kamanamiza, pamenepo chilichonse chimaoneka bwino. Onaninso EXIF, tsatanetsatane wosungidwa m'fayilo ya chithunzi, pomwe pamalembedwa shutter speed (nthawi yomwe shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, imakhala yotseguka), aperture (kukula kwa bowo la lenzi, kolembedwa ngati f/5.6) ndi ISO (mlingo womwe kamera imawonjezerera kuwala komwe yalandira) ya chithunzi chilichonse.

Chachiwiri, zindikirani gwero la chimbuuzicho. Ngati khoma, maluwa ndi anthu zonse zapakika mofanana, dzanja lanu ndilo linagwedezeka. Ngati khoma likuoneka bwinobwino koma manja a ovina sakudziwika, shutter inachedwa kutseka. Ngati nsalu ya kumbuyo ikuoneka bwino kuposa nkhope, focus inagwira pena. Mukapeza shutter speed ya 1/30 kapena 1/15 ya sekondi mu EXIF, musafufuzenso zambiri, vuto ndi shutter yochedwa.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ine ndimalimbikira kwambiri, lekani kuopa ISO. Ambiri oyamba kumene amaikakamira pa 400 poopa timadontho tonga mchenga tomwe timabwera ikakwera, ndiye kamera imachedwetsa shutter kuti ipeze kuwala. Ikani shutter pa 1/125 kwa anthu oima, 1/250 kwa oyenda ndi ovina, ISO ikwere mpaka 3200 kapena 6400 ngati pakufunika kutero. Timadontho mukhoza kutichepetsa mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom, kapena ya darktable yomwe ndi yaulere. Koma nkhope ya mayi wa mkwatibwi akupukuta misozi ikapakika, palibe pulogalamu yomwe ingaibweze mmene inalili.

Chachinayi ndi lenzi. Ija yobwera ndi kamera, ya 18-55mm, mukaikokera kumapeto imathera pa f/5.6. Lenzi ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Chenjezo lake ndi lakuti pa f/1.8 malo ooneka bwino amakhala ochepa zedi, moti pojambula gulu la mizere iwiri kapena itatu bwererani pa f/4 kapena f/5.6, apo ayi a kumbuyo atuluka chimbuuzi.

Chachisanu, fulashi. Mukaona zipumi zikunyezimira, mthunzi wakuda bii pakhoma, kumbuyo kuli mdima wokhawokha, dziwani kuti munailozetsa kumaso. Itembenuzireni kudenga kapena kukhoma loyera, kuwala kugwere anthu mofewa. Denga likakhala lalitali kwambiri kapena lamtundu wina, njira imeneyi siigwira, ndipo khoma lobiriwira lingabiriwitse nkhope zonse. Kumbukiraninso kuti makamera ambiri amagwirizana ndi fulashi mpaka pa shutter ya 1/200 kapena 1/250 basi. Pa nthawi ya malumbiro, yambani mwafunsa ngati fulashi ikuloledwa.

Pomaliza yang'anani diresi. Ikaoneka yachikasu, ndiye kuti mababu a mu holo anasokoneza white balance, njira yomwe kamera imagwiritsa ntchito kuti zoyera zioneke zoyera. Mukajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yagwira, izi zimakonzeka ndi kudina kamodzi pa nsalu yoyerayo. Chovuta ndi diresi yoyera mbee mpaka ulusi ndi timikanda sizikuoneka, chifukwa pamenepo kamera sinasunge kanthu. Yatsani chenjezo la highlight, lomwe limaphethiraphethira pamalo poyereratu, muchepetse kuwala musanapitirize.

Ukwati wina usanafike, zimitsani magetsi kunyumba, musiye babu limodzi, wina aziyenda ndi kuvina mutamuveka malaya oyera. Jambulani pa 1/60, 1/125 ndi 1/250, mukweze ISO pang'onopang'ono, muone pomwe kamera yanu imayambira kulephera.