Momwe mungapangire gemu ya pa foni yoti wosewera asafune kuisiya

Ambiri oyamba kupanga magemu amafulumira kujambula. Amatha masabata akukongoletsa mtengambali ndi kulemba mbiri ya ufumu wake, koma mnzawo akaigwira gemuyo amaisiya pasanathe mphindi ziwiri. Chimene chimagwira mtima wa wosewera ndi chochita chimene zala zake zikubwereza, ndipo nkhani ndi maonekedwe zimamera pamenepo. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi ya gemu yaing'ono yothamanga ndi kulumpha, yomwe mungaipange ndi Godot kapena GDevelop, mapulogalamu omwe mungayambe nawo osalipira. Chitsanzo chathu chikhala mtsikana wosenza ndowa ya madzi kuchokera ku mjigo kupita kunyumba.

1. Sankhani chochita chimodzi, muchiyese ndi mabokosi

Lembani m'chiganizo chimodzi chimene wosewera azichita masekondi 10 aliwonse. Mu Tetris, ya Alexey Pajitnov, munthu amatembenuza ndi kuika zidutswa za mitundu 7 basi. Mu Flappy Bird ya 2013 amangogogoda sikirini. Mu gemu yathu: "Ndikulumpha miyala ndi ngalande osataya madzi."

Tsopano pangani zimenezi popanda chithunzi chilichonse. Mtsikana akhale bokosi lofiira, miyala ikhale mabokosi otuwa. Ngati kulumphitsa bokosilo sikukoma, ngakhale mutaliveka chitenje chokongola bwanji sikudzakoma. Musapitirire gawo limeneli lisanakhazikike.

2. Konzani kalumphidwe mpaka kamveke m'zala

Apa ndi pamene muyenera kuthera nthawi yambiri. Gemu yoyenda pa ma frame 60 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 60 zotsatizana, imajambulanso sikirini pafupifupi mamilisekondi 17 aliwonse, ndipo wosewera amazindikira kuchedwa ngakhale sangakuuzeni dzina lake. Amangoti "gemuyi ndi yolemera". Batani likadinidwa, bokosi linyamuke nthawi yomweyo. Oyamba ambiri amaika kanema woti mtengambali ayambe wawerama asanalumphe, zomwe zimaoneka bwino koma zimachedwetsa, ndipo munthu amagwera m'dzenje poganiza kuti foni yake yavuta.

Pali zinthu zitatu zoti muike. Choyamba, kutsika kukhale kofulumira kuposa kukwera: onjezerani mphamvu yokokera pansi ndi theka kapena kuwirikiza kawiri bokosi likangofika pamwamba penipeni, apo ayi limaoneka ngati likuyandama. Chachiwiri, wodina batani mwachidule alumphe pang'ono, wogwiritsitsa alumphe kwambiri. Chachitatu ndi kukhululuka. Lolani kulumpha kwa ma frame 5 kapena 6 phazi litachoka kale m'mphepete mwa mwala, zomwe opanga magemu amazitcha coyote time, ndipo ngati batani ladinidwa pang'ono chabe mtengambali asanaponde pansi, gemu ikumbukire n'kumulumphitsa akangoponda. Celeste ya 2018 ndi gemu yovuta zedi, komabe ili ndi zonse ziwirizi, n'chifukwa chake wosewera akafa amadziimba mlandu yekha n'kuyesanso. Mukapyola ma frame 10 anthu ayamba kuona mtengambali akuponda mphepo, ndipo chinsinsi chaululika.

Chilichonse chochitika chiyankhidwe ndi phokoso ndi chooneka: fumbi poponda, madontho a madzi pogwedezeka, sikirini kunjenjemera pang'ono popunthwa. Kunjenjemerako kusapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, chifukwa kukatalika kumachititsa chizungulire. Mabatani a pa sikirini asachepere 48dp (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini ya foni), monga Android imalangizira, ndipo pakona zam'munsi musaikepo choopsa chifukwa zala zazikulu zimaphimbapo.

3. Phunzitsani ndi malo, osati ndi mawu

Anthu sawerenga malangizo. Gawo loyamba la Super Mario Bros., yomwe Nintendo idatulutsa mu 1985, ndilo kalasi yabwino pa nkhaniyi. Mario amayamba kumanzere kwa sikirini, kumanja kuli poyera, choncho aliyense amadziwa kolowera. Mdani woyamba amabwera yekha, pang'onopang'ono. Bowa woyamba akatuluka m'bokosi amagwa, amagunda paipi n'kubwerera kwa Mario, ndipo mabokosi ali pamwambapo amachititsa kuti kumuthawa kuvute, motero wosewera amadziwa mwangozi kuti bowayo ndi wabwino. Chakumapeto kuli magulu awiri a masitepe, lililonse lokhala ndi mpata pakati: mpata woyamba uli ndi poponda, wachiwiri ndi dzenje.

Tengerani dongosolo lomwelo. Ngalande yoyamba ikhale youma ndi yosaya, wogweramo atuluke. Yachiwiri ikhale ndi madzi. Yachitatu iphatikizidwe ndi mbuzi yodutsa. Chinthu chatsopano chizilowa chimodzichimodzi, ndipo pambuyo pa malo ovuta muike masekondi 5 mpaka 10 a njira yosalala kuti munthu apume. Akalephera ayambirenso pasanathe masekondi 2, pafupi ndi pamene wagwera. Sikirini ya "Mwalephera" yokhala ndi nyimbo yaitali imachotsa anthu ambiri kuposa kuvuta kwa gemu.

4. Mtengambali azindikirike ndi chithunzithunzi chake

Mudetseni yense akhale wakuda bii, mumuchepetse afanane ndi chikhadabo, muonetse munthu. Ngati sakudziwa kuti ndi ndani komanso wayang'ana kuti, jambulaninso. Kampani ya Valve idapanga atengambali 9 a Team Fortress 2 m'njira yoti aliyense adziwike patali ndi kaumbidwe ka thupi lokha. Mtsikana wathu ali ndi mwayi chifukwa ndowa ya pamutu imamusiyanitsa kale.

Kuchepa kwa zipangizo si chopinga. Mario adabadwa mu Donkey Kong ya 1981 pa ma pixel (timadontho topanga chithunzi pa sikirini) ochepa kwambiri, ndiye amene adamupanga, Shigeru Miyamoto, adamupatsa chipewa kuti asavutike ndi tsitsi, ndevu za pamlomo m'malo mwa pakamwa, ndi ovolosi kuti manja aoneke akamayenda. Gwiritsani mitundu itatu pa mtengambali wamkulu, ndipo umodzi mwa iyo usapezeke kumbuyo kwake. Njira ya dothi lofiira ndi diresi lofiira ndi tsoka, makamaka pa foni yotchipa padzuwa.

Adani asiyane khalidwe, osati utoto wokha. Mu Pac-Man ya Namco ya 1980, mzukwa wofiira umalunjika pamene Pac-Man ali, wapinki umalunjika mabokosi 4 (tizigawo ta njira) kutsogolo kwake kuti umutchingire, pomwe walalanje umamulondola akakhala patali koma ukayandikira mkati mwa mabokosi 8 umabwerera ku kona yake. Malamulo afupiafupi amenewa ndi amene amachititsa osewera kunena kuti uyu ndi waukali, uyu ndi wamantha. Mbuzi yanu iziima n'kudumpha mwadzidzidzi, galu azithamangitsa, njinga izibwera mwaliwiro koma itaimba belu sekondi imodzi isanaoneke. Choopsa chobwera popanda chenjezo si chovuta, ndi chinyengo.

5. Nkhani ilowe m'malamulo a gemu

Nkhani ya gemu yaing'ono ikufunika mayankho atatu: mtengambali akufuna chiyani, chikumuletsa n'chiyani, akalephera kutayika chiyani. Mayankhowo asakhale m'ndime yowerenga koyambirira. Chotsani mzere wa moyo pamwamba pa sikirini, madzi a m'ndowa agwire ntchito imeneyo. Kulumpha kwakukulu kutaye magawo 5 pa 100, kupunthwa kutaye 25. Tsopano wosewera ali ndi chosankha chenicheni: njira yachidule ya miyala yambiri, kapena yozungulira dzuwa likulowa. Pakhomo, agogo alandire mosiyana ndowa yodzaza ndi ndowa ya theka, ndipo dimba lawo lizibiriwira kapena kufota gawo ndi gawo malinga ndi madzi ofika. Palibe chiganizo chalembedwa, koma munthu ayamba kusamala.

Chimene chimaononga kawirikawiri ndi nkhani kutsutsana ndi zochita. Mukanena kuti agogo akudwala, fulumira, kenako n'kumwaza makobidi oti wosewera azitolera mbali zonse, mwamuphunzitsa kuti nkhaniyo ndi yabodza. Ngati mawu akufunikadi, asapitirire mizere iwiri pa sikirini, ndipo pakhale batani lodumphira mawuwo. Zolembedwa m'Chichewa zimatenga malo ambiri kuposa za Chingerezi, choncho bokosi la mawu muliyeze ndi chiganizo chachitali kwambiri chomwe muli nacho.

6. Patsani anthu asanu, inu mukhale chete

Sankhani anthu omwe sadaionepo, makamaka osakhala abale, chifukwa abale amayamikira chilichonse. Apatseni foni osafotokoza kanthu. Lembani pamene afa, pamene aima osadziwa chochita, ndi mphindi imene abweza foni. Atatu mwa asanu akagwa pa ngalande imodzi, vuto ndi ngalandeyo: ichepetseni kapena ikani ina yosavuta wosewera asanafike pa imeneyo. Akamapereka malangizo, mverani pamene padawawawa koma mankhwala mupeze nokha. Wonena kuti "onjezerani liwiro" nthawi zambiri akudandaula za njira yaitali yopanda chochitika.

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse kuti mudziwe chimene chathandiza, ndipo ulendo wotsatira mupeze anthu atsopano chifukwa akale adaloweza kale. Yesaninso pa foni ya RAM ya 2GB kwa mphindi 15 zotsatizana. Foni ikatentha imachepetsa liwiro, ma frame amatsika, ndipo ngati kayendedwe ka mtengambali mudakawerengera pa frame m'malo mochulukitsa ndi nthawi yodutsa, yomwe mu Godot imatchedwa delta, kulumpha kumene mudakonza pa kompyuta kudzasintha pa foniyo.